Mahjub bin Adam Mohamed: msilikali amene anapita ku Berlin kukalondola malipiro ake



Lero ndikufuna tikambirane za munthu amene dzina lake silimveka m'makalasi athu a mbiri, chonsecho nkhondo imene anamenya ndi yomwe ija inatenga azigogo athu ku Zomba, ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Karonga. Dzina lake ndi Mahjub bin Adam Mohamed. Ajeremani ankamulemba kuti Bayume Mohamed Husen. Anabadwira ku Dar es Salaam pa 22 February 1904, ndipo anamwalirira m'ndende ya chipani cha Nazi ku Germany mu 1944. Pakati pa zaka ziwirizi pali nkhani ya ngongole, malipiro a usilikali amene boma linalonjeza koma iye sanawalandire.

Tiyambe ndi bambo ake. Mu 1888 anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anaukira Ajeremani motsogozedwa ndi Abushiri. Chaka chotsatira boma la Germany linatuma Hermann von Wissmann kuti akathetse kuukirako. Wissmann analibe asilikali okwanira, ndiye anakalemba ganyu amuna mazanamazana a ku Sudan amene anali ku Cairo. Adam Mohamed, bambo a Mahjub, anali mmodzi mwa anthu a ku Sudan amene anavala yunifolomu ya Ajeremani. Dzina la Wissmann lisakhale lachilendo kwa ife. Sitima ya Ajeremani ya pa Nyanja ya Malawi, imene inaomberedwa ndi sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen ku Liuli mu August 1914, inali ndi dzina la munthu yemweyu.

Choncho Mahjub anakulira m'nyumba ya msilikali. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo adakali mwana anagwirako ntchito ya ukalaliki pa fakitale ina ku Lindi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, iye ndi bambo ake analowa m'gulu lankhondo la Ajeremani lotchedwa Schutztruppe. Anali ndi zaka 10. Tangoganizani, msinkhu wa mng'ono wanu wa Sitandade 4 amene madzulo kumadrasa akulimbana ndi Juzu Amma. Ana a msinkhu umenewu ankatumidwa kunyamula mauthenga ndi kutumiza zizindikiro pogwiritsa ntchito magalasi owalitsa dzuwa, kuchokera paphiri lina kukafika paphiri lina. Chipolopolo sichinkafunsa zaka.

Mbali inayo ya mzere wa nkhondo kunali anthu athu. Pa 9 September 1914 asilikali a King's African Rifles, amene kuno ankatchedwa a Keyala, anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga. Nkhondo yonse isanathe, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ayao anali ochuluka kwambiri pakati pa asilikaliwo, kutanthauza kuti maina ngati Saidi, Juma, Ali ndi Bakali ankamveka mbali zonse ziwiri. Anthu amene akanatha kuima pa safu imodzi tsiku la Ijuma ankalozana mfuti chifukwa cha mkangano wa mafumu a ku Ulaya. John Chilembwe anaziona izi msanga, ndipo mu November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akufera nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu.

Mu October 1917 kunachitika nkhondo yoopsa ku Mahiwa, kumtunda kwa Lindi. Inatenga masiku anayi, ndipo mbali ya Angerezi yokha ophedwa ndi ovulala anaposa 2,000. Kumeneko ndi kumene Mahjub anavulazidwa, kenako n'kugwidwa ndi Angerezi ngati mkaidi wa pankhondo, ali ndi zaka 13. Mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anapitiriza ulendo wake. Anawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique, anazungulira n'kukatulukira ku Zambia, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918, patatha milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya. Pofika nthawi imeneyo asilikali ake akuda anali atamenya nkhondo nthawi yaitali osalandira malipiro. Chimene anapatsidwa ndi lonjezo, ena ndi kapepala kotsimikiza kuti anagwiradi ntchito.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mu 1919 pangano la ku Versailles linalanda Germany maiko onse amene inkalamulira mu Africa. Tanganyika inapita m'manja mwa Angerezi. Bwana wokhala ndi ngongole uja anasamuka, n'kupita kutali kutsidya la nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la Germany linatumizadi ndalama kukalipira ena mwa asilikali akale, koma si onse amene anafikiridwa. Mahjub nthawi imeneyo ankagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima zapamadzi za makampani a ku Germany, ntchito imene anaiyamba cha m'ma 1925.

Mu 1929 anachita chinthu chimene ine chimandigwira mtima. Anatsika sitima, napita ku Berlin, nakagogoda pa ofesi ya unduna woona za maiko akunja kuti am'patse malipiro ake ndi a bambo ake. Mnyamata wa zaka 25, wakuda, m'likulu la dziko la eni, kukafunsa chake. Sanapite kukapempha chithandizo ayi, anapita kukalondola ngongole. Yankho linali lakuti wachedwa, thumba la ndalamazo linatsekedwa kale. Basi. Magazi amene anakhetsa ku Mahiwa anathera pa tsiku la pa kalendala.

Sanabwerere kwawo. Anapeza ntchito yoperekera zakumwa ndi zakudya pa Haus Vaterland, nyumba yaikulu ya zisangalalo pa Potsdamer Platz, kumene khungu lake linali mbali ya zokopa makasitomala. Kuyambira 1931 anayambanso kuthandiza kuphunzitsa Chiswahili pa sukulu ya zinenero za kum'mawa ya pa yunivesite ya Berlin, pa malipiro ochepa. Ena mwa ophunzira ake ankaphunzira chinenerocho pokonzekera kudzalamuliranso dziko lakwawo ngati Germany ingabwezeredwe maiko ake. Mu January 1933 anakwatira mayi wina mzungu dzina lake Maria Schwandner. Patangopita masiku atatu, pa 30 January, Adolf Hitler anatenga boma.

Kuchokera apo mpanda unayamba kuchepa. Chaka chomwecho iye ndi mkazi wake analandidwa mapepala awo a ku Germany n'kupatsidwa a anthu opanda dziko. Mu 1934 boma linakhazikitsa mendulo ya ulemu ya onse amene anamenya nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mahjub anafunsira, pajatu anali ndi chipsera cha nkhondoyo pathupi pake. Anamukana, chifukwa akuluakulu a boma anagwirizana kuti menduloyo isaperekedwe kwa anthu akuda. Lettow-Vorbeck yemwe, amene ankatchuka m'dziko lonse chifukwa cha nkhani ya kukhulupirika kwa asilikali ake akuda, sanaime naye. Mahjub anadzipezera yekha menduloyo n'kumaivala. Mu September 1935 kunabwera malamulo a ku Nuremberg osiyanitsa anthu potengera mtundu, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho ntchito ya ku Haus Vaterland inatha anzake a pantchito atakamuneneza.

Apa tsopano ndi pamene nkhani yake imavuta, ndipo sindikufuna kuikometsa. Kuti apeze chakudya, Mahjub ankavala yunifolomu ya usilikali n'kumaonekera pa misonkhano ya magulu amene ankafuna kuti Germany ibwezeredwe maiko a mu Africa. Anaseweranso m'mafilimu osachepera 23 pakati pa 1934 ndi 1941, kawirikawiri ngati wantchito kapena msilikali womvera bwana wake. Yoyamba inali Die Reiter von Deutsch-Ostafrika ya mu 1934. Mu 1941 anasewera mu filimu yotamanda Carl Peters, mtsamunda amene anatchuka ndi nkhanza zopachika anthu kudera la Kilimanjaro. Nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939 anapempha kulowa usilikali wa Germany, ndipo anamukananso. Boma limene linkafuna nkhope yake pa chithunzi silinkafuna dzina lake m'kaundula wa olandira malipiro.

Wina anganene kuti ameneyu anagulitsa anthu a mtundu wake. Wina anganene kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, munthu wopanda pasipoti, wokhala ndi ana ofuna kudya, akanatani? Ine ndikuona zonse ziwiri. Ndikuonanso kuti iye anakhulupirira kuti akapitiriza kuonetsa kuti ndi msilikali wokhulupirika, tsiku lina eni dziko adzachita manyazi n'kumupatsa chake. Chiyembekezo chimenecho anachiika pa anthu amene anali atagamula kale kuti iye si munthu wofanana nawo. Pamoyo wake wa m'banja panalinso zophophonya, monga mwana amene anabereka kunja kwa ukwati. Zimenezo woweruza wake ndi Allah, amene amadziwa zobisika za m'mitima. Ife chathu ndi kutolapo phunziro.

Mu April 1941 anasiya ntchito ya ku yunivesite atasemphana ndi pulofesa wina. Chaka chomwecho ananenezedwa kuti ali pa ubwenzi ndi mkazi wa Chijeremani, chinthu chimene a Nazi ankachitcha kudetsa mtundu. Apolisi a Gestapo anamugwira, ndipo popanda kuzengedwa mlandu m'khoti anatumizidwa ku ndende ya Sachsenhausen, kumpoto kwa Berlin, pa 27 September 1941. Anapirira kumeneko zaka zitatu. Anamwalira pa 24 November 1944 ali ndi zaka 40. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Mwa ana ake atatu palibe amene anakula. Awiri anamwalira ali aang'ono nkhondo yachiwiri isanafike pachimake, ndipo wachitatu anafa mu 1945 mabomba akugwa pa Berlin.

Ndiye funso n'lakuti, munthu wosasiya mdzukulu, wofera kutali ndi kwawo, ife tamudziwa bwanji? Yankho ndi mapepala. Mayi wina wophunzira za Africa pa yunivesite ya Cologne, Marianne Bechhaus-Gerst, anafufuza m'nyumba zosungira zikalata zakale n'kulumikiza moyo wake kachidutswa ndi kachidutswa: makalata ofunsira malipiro, mayankho omukana, mafaelo a ku yunivesite, mindandanda ya osewera m'mafilimu, kaundula wa kundende. Buku lake lonena za Mahjub linatuluka mu 2007. Chaka chomwecho, pakhomo pa nyumba imene ankakhala, pa Brunnenstraße 193 ku Berlin, anaikapo kamwala kamkuwa kachikumbutso kotchedwa Stolperstein, koyamba kuikidwa pokumbukira munthu wakuda wophedwa ndi ulamuliro wa Nazi. Mwaonatu, makalata omwe aja amene anamumana chake ndi amene anasanduka mboni yake. Akanangokhala chete osalemba kalata, bwenzi ataiwalika ngati anzake zikwizikwi.

Nkhani ya ngongole ija sinathere pa iye. Mu 1964, chaka chimene Lettow-Vorbeck anamwalira, nyumba ya malamulo ya West Germany inavomereza kulipira asilikali akale amene anali akadali moyo. Olemba mbiri amafotokoza kuti ku Mwanza kunasonkhana nkhalamba pafupifupi 350, koma ndi ochepa okha amene anali akusungabe kapepala kaja. Ena anabwera ndi zidutswa za yunifolomu. Ndiye aliyense ankapatsidwa tsache m'malo mwa mfuti n'kulamulidwa m'Chijeremani kuti achite perete, ndipo matupi awo anakumbukira. Patatha zaka 46. Ambiri oyenera kulandira anali atagona kale m'manda, Mahjub zaka 20 zapitazo.

Kumadrasa tinaphunzitsidwa kuti ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ndili mwana ndinkadabwa kuti bwanji ayah yaitali chonchi ikukamba za cholembera ndi pepala. Mbiri ya Mahjub imandithandiza kumvetsa. Wamphamvu amaiwala msanga zimene analonjeza, ndipo chimene chimatsala m'manja mwa wofooka ndi cholembedwa. Tinaphunzitsidwanso kuti malipiro a wantchito ndi haki yake, si chifundo cha bwana, ndipo wochedwetsa dala adzakafunsidwa pa Tsiku la Kiyama. Tisamangoloza chala ku Berlin. Mlonda wa pa shopu pathu, mtsikana wothandiza ntchito kunyumba, waganyu wa kumunda, Ustazi wa pamadrasa amene mwezi umatha osalandira, onsewa atilondola kangati?

Kwathu nakonso kuli nkhani ya agogo awo a bambo anga amene anapita ku nkhondo ya Ajeremani. Akuluakulu amatchula dzina lawo limodzi lokha ndi mwendo umene ankatsimphina. Ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi nkhani yotere m'banja, kaya ya nkhondo yoyamba, kaya yachiwiri imene a Keyala anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Moyo wa Mahjub wandiphunzitsa njira zingapo zofufuzira, ndipo ndikufuna ndigawane nanu.

Choyamba ndi dzina. Ngati Mahjub bin Adam Mohamed anasanduka Bayume Mohamed Husen m'mafaelo, dziwani kuti agogo anunso kalaliki wachizungu anawalemba mmene khutu lake linamvera. Lembani maina onse amene ankadziwika nawo, la kubadwa, la kujando, la bambo awo, ndi kalembedwe kalikonse kamene kangatheke. Saidi akhoza kukhala Said kapena Sayidi. Lembaninso mudzi, mfumu ndi boma la nthawiyo, pokumbukira kuti Mangochi m'mapepala akale ndi Fort Johnston, ndipo Nsanje ndi Port Herald.

Chachiwiri ndi nambala. Msilikali aliyense anali ndi nambala yake, ndipo m'mafaelo nambala imalankhula kuposa dzina. Ngati m'sutukesi ya agogo muli mendulo ya Angerezi ya nkhondo yoyamba, yang'anani m'mphepete mwake, chifukwa mamendulo a nkhondo imeneyo ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake. Ngati muli chikalata chotulukira usilikali kapena kabuku kolandirira penshoni, musachipinde, musachimate ndi selotepi. Chijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, mutumizire abale angapo kuti chisadzatayike ndi foni imodzi.

Chachitatu ndi malo ofufuzira. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumene kumasungidwa mafaelo a boma la atsamunda. Ku Zomba komweko, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo pali maina. Pa intaneti, bungwe la Commonwealth War Graves Commission limalola aliyense kufufuza maina a omwalira pa nkhondo ziwirizi kwaulere. Koma konzekerani mtima. Mu 2021 bungwe lomweli linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi maina awo, kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Amtengatenga ndiwo anaiwalika kwambiri. Mukapanda kupeza dzina, sizikutanthauza kuti agogo ankanama.

N'chifukwa chake chachinayi ndi chofunika kuposa zonse: pakamwa pa akuluakulu. M'zaka za m'ma 1970 wolemba mbiri Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a kuno, anayenda m'midzi kucheza ndi anthu amene anaiona nkhondo yoyamba, ndipo zimene anamva zinadzatuluka m'buku lotchedwa The Chiwaya War. Akanadikira zaka zina makumi awiri, akanapeza manda okhaokha. Ifenso tili pa mphindi yotero. Amene anamenya nkhondo anapita, koma ana awo ena alipo, akukalamba. Holide ikubwerayi, kapena pa Eid pamene banja lasonkhana, khalani pansi ndi agogo, muyatse chojambulira mawu cha pafoni, mufunse. Anapita chaka chiti, njala isanagwe kapena itagwa? Anabwera ndi chiyani? Ankapita kuboma kukalandira ndalama? Ankatchula malo ati? Data imene timathera pa TikTok tsiku limodzi ikhoza kusunga mawu amenewo kwa zidzukulu zathu.

Kufufuza kotere si kunyadira nkhondo za atsamunda. Ambiri mwa azigogo athu anapita chifukwa cha msonkho, umphawi kapena kukakamizidwa ndi mfumu imene nayonso inakakamizidwa ndi bwanamkubwa. Tikufufuza kuti tidziwe amene tikuwapemphera dua powatchula dzina, kuti tilumikize ubale umene unaduka, komanso kuti tidziwe mtengo umene mabanja athu analipira. Mahjub anadikira zaka 63 chimwalirireni kuti mlendo alembe dzina lake pakhomo pa nyumba yake. Agogo athu ali ndi zidzukulu zodziwa kuwerenga, zokhala ndi mafoni m'manja. Asadikire mlendo.

Amene muli ndi mendulo, chithunzi kapena chikalata cha agogo, tiuzeni boma limene ankachokera ndi nkhondo imene anapita, tithandizane kuwerenga zimene zalembedwapo. Allah awakhululukire makolo athu amene anatsogola, awafewetsere manda awo, ndipo atipange ife kukhala anthu opereka haki ya wina aliyense nthawi yake isanadutse. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullah.